Kodi Equiano anabadwira kuti? Za Pulofesa Carretta ndi makaundula awiri amene anautsa mapiri pachigwa

Funso: Ndimaphunzitsa mbiri kusekondale ina m'boma la Dedza. Tikafika pamutu wa malonda a akapolo, ndimakonda kuwerengera ana nkhani ya Olaudah Equiano, makamaka pamene akusimba zimene anaona m'chombo powoloka nyanja ya Atlantic. Posachedwapa mnzanga wandiuza kuti pulofesa wina wa ku America anapeza zoti Equiano sanabadwire mu Africa n'komwe. Kodi pulofesayu ndani, ndipo anafika bwanji pamenepa? Kodi si mzungu wongofuna kunyozetsa munthu wakuda? Ndisiye kuphunzitsa bukuli?

Yankho: Aphunzitsi, bukulo musalisiye. Mnzanuyo wakuuzani zoona, koma wakokomeza. Munthu amene akunenayo ndi Vincent Carretta, amene kwa zaka zambiri anaphunzitsa zolembalemba za Chingerezi pa University of Maryland. Iye sananenepo kuti nkhaniyi yatha. Anapeza mapepala awiri akale onena kuti Equiano anabadwira ku Carolina, chigawo cha ku America, ndipo anati mapepalawo sitingawanyalanyaze. Kuti muthe kuweruza nokha ngati anali ndi kampeni kumphasa, ndi bwino mudziwe njira imene anadzera, chifukwa mapepalawo sanachite kuwasaka.

Carretta sanayambire pa nkhani za ukapolo. Poyamba ankafufuza ndakatulo ndi zojambula zonyogodola andale a ku Britain m'zaka za m'ma 1700. Buku lake la 1983 linali la alakatuli onga Alexander Pope ndi Charles Churchill, ndipo la 1990 linali la momwe olemba ndi ojambula ankamusekera mfumu George III. Ntchito yotereyi imaphunzitsa munthu khalidwe limodzi: kusakhulupirira mzere uliwonse usanadziwe kuti wolembayo ankalimbana ndi ndani, mlungu umenewo nyuzipepala zinkati chiyani, ndipo ndalama zosindikizira zinachokera kuti. Pamene Carretta ankayamba ntchitoyi, wophunzira zolemba za m'ma 1700 ankawerenga Pope, Jonathan Swift ndi Samuel Johnson, n'kumaliza digiri yake asanamvepo kuti mu London yemweyo munali anthu akuda olemba mabuku. Amene anayamba kutsegula chitseko ndi Paul Edwards wa ku yunivesite ya Edinburgh, yemwe mu 1967 anatulutsa nkhani ya Equiano yofupikitsidwa m'gulu la mabuku a African Writers Series, aja achikuto cha olenji amene ambirife tinakulira nawo. Ku America bukuli linalowa kwambiri m'makalasi pamene Henry Louis Gates analiika m'buku lake la nkhani za akapolo mu 1987.

Carretta anatembenukira kumeneku chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mu 1995 kampani ya Penguin inasindikiza buku la Equiano limene iye anakonza. Anthu ambiri sadziwa kuti mkonzi wa buku lakale amagwira ntchito yanji. Amaganiza kuti ndi kungokopera. Zoona zake n'zakuti dzina lililonse la munthu, la chombo, la doko, tsiku lililonse limene wolembayo watchula, mkonzi amayenera kulitsata mpaka alipeze kwina, kenako n'kulemba kamawu kam'munsi kouza wowerenga zimene wapeza. Ndi ntchito yosapatsa ulemu, ndipo m'mayunivesite ambiri imaoneka yotsika poiyerekeza ndi kulemba buku la maganizo ako. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwayi wake unali woti Equiano anakhala zaka zambiri m'zombo zankhondo za Britain, ndipo asilikali apamadzi a dzikolo anali akatswiri osunga kaundula. Chombo chilichonse chinali ndi buku la mayina, ndipo mabukuwa alipo mpaka lero kumalo osungirako zolembedwa za boma ku Kew, mu London. Mukatsegula limodzi mumapeza mizere yojambulidwa ndi dzanja: nambala ya munthu, tsiku limene analowa m'chombo, dzina, ndipo m'mabuku a zaka zakumapeto mulinso msinkhu ndi kumene anabadwira. Chakumapeto kwa mzere kuli kachilembo. D ndiye kuti anatsitsidwa, DD anamwalira ali pantchito, R anathawa. Inki inasanduka yofiirira, ndipo kalaliki aliyense ankalemba dzina momwe walimvera, moti munthu mmodzi akhoza kuoneka ndi masipelo atatu. Mumakhala tsiku lonse mukutsetsereka ndi chala pamayina mazanamazana kuti mupeze kamnyamata kamodzi kotchedwa Gustavus Vassa, dzina limene mbuye wake, Michael Henry Pascal, anakapatsa, ndipo ndi limene Equiano anagwiritsa ntchito moyo wake wonse pa ubatizo, pa ukwati ndi pa wilo.

Chimene mnzanuyo sanakuuzeni n'chakuti kafukufukuyu anamuikira kumbuyo Equiano pafupifupi paliponse. Zombo zimene anatchula, monga Roebuck, Namur ndi Aetna, zinalikodi, ndipo zinali kumene iye anati zinali. Nkhondo ya ku Louisbourg ya 1758 ndi ya pafupi ndi Lagos wa ku Portugal ya 1759 anazisimba mogwirizana ndi zolemba za akuluakulu a zombo. Robert King, wamalonda wa pachilumba cha Montserrat amene anamulola kudziwombola ndi mapaundi 40 mu 1766, anali munthu weniweni. Ngakhale nkhani ya chombo cha Zong, mmene amalinyero anaponya m'nyanja anthu a mu Africa oposa 130 mu 1781 kuti eni chombo akalandire ndalama za inshuwalansi, Granville Sharp, mzungu wolimbana ndi ukapolo, analemba m'buku lake la tsiku ndi tsiku kuti amene anadzamuuza mu Malichi 1783 anali Gustavus Vassa. Munthu amene ankalemba patapita zaka 30 anakumbukira zinthu molondola modabwitsa. Carretta asanagwire ntchitoyi, zambiri mwa izi tinkangozikhulupirira. Lero tili ndi umboni wake.

M'kati mwa ntchito yomweyo ndi mmene munatulukira zosayembekezereka. Choyamba chinali cha masiku. Equiano analemba kuti anabadwa mu 1745 kudera lotchedwa Essaka, kwa anthu a mtundu wa Igbo, kuti anabedwa ali ndi zaka 11, ndipo anafika ku England mu 1757. Koma chombo chimene anati anakwera, Industrious Bee, chinafika ku Falmouth mu Disembala 1754. Choncho anali wamng'ono kuposa momwe ananenera. Chachiwiri ndi kaundula wa ubatizo wa tchalitchi cha St Margaret's ku Westminster, wa mu Febuluwale 1759, amene amati Gustavus Vassa ndi munthu wakuda wa zaka 12 wobadwira ku Carolina. Chachitatu ndi buku la mayina la chombo cha Racehorse, chimodzi mwa ziwiri zimene zinapita kumadzi oundana a kumpoto kwenikweni kwa dziko mu 1773 motsogozedwa ndi Constantine Phipps. M'chombo chinzakecho, Carcass, munali Horatio Nelson, amene anadzakhala mkulu wotchuka wa asilikali apamadzi, ali mnyamata wa zaka 14. Equiano anapita nawo ulendowu monga wothandizira Dr Charles Irving, amene ankayesa makina osandutsa madzi amchere kukhala akumwa. M'bukumo muli dzina lakuti Gustavus Weston, wa zaka 28, wobadwira ku South Carolina, ndipo palibe Gustavus wina amene angakhale iyeyo.

Carretta anafalitsa zimenezi mu 1999 m'magazini ya akatswiri yotchedwa Slavery and Abolition, ndipo anazifotokoza mokwanira m'buku la mbiri ya moyo wa Equiano la 2005. Mfundo yake inali yotere. Mu 1787 ku London kunakhazikitsidwa bungwe lolimbana ndi malonda a akapolo, ndipo pofika 1788 nkhaniyi inali m'Nyumba ya Malamulo. Mboni zinalipo, koma zinali azungu: John Newton amene anakhalapo woyendetsa chombo cha akapolo, Alexander Falconbridge amene anali dokotala m'zombozo. Kunkasowa munthu amene anagona yekha pansi pa chombo, m'fungo ndi m'maunyolo, woti anene kuti ndinali momwemo. Buku la Equiano linatuluka mu 1789, pa nthawi yake yeniyeni. Carretta anaonanso kuti mutu woyamba, wofotokoza za kwawo, ndi wosiyana ndi mitu ina. Kwina konse Equiano amatchula mayina ndi masiku, koma pa za Africa amalankhula mwachisawawa, ndipo iye mwini amalozera wowerenga ku buku la Anthony Benezet, mzungu wa ku Philadelphia amene sanapondepo mu Africa. Ndiye Carretta anati n'kutheka kuti Equiano anasonkhanitsa zimene anamva kwa akapolo anzake, amene anakhala nawo zaka zambiri ku West Indies, n'kuzisandutsa nkhani ya munthu mmodzi.

Anthu sanakhale chete. Amene anatsutsa mwamphamvu ndi Paul Lovejoy, katswiri wa mbiri ya Africa wa pa York University ku Canada, ndipo awiriwa anayankhana m'magazini yomweyo kuyambira 2006. Akatswiri ambiri a ku Nigeria anakhumudwanso, poti kwa iwo Equiano ndi kholo la olemba a Chiigbo. Catherine Acholonu anali atalemba kale mu 1989 kuti Essaka ndi mudzi wa Isseke, ngakhale kuti njira zake zofufuzira anthu ambiri sanakhutire nazo. Mfundo za mbali iyi n'zolemera. Pa ubatizo wa 1759, Equiano anali mwana ndiponso kapolo. Amene anayankha mafunso a mlembi wa tchalitchi mwina anali akuluakulu a banja la Guerin, abale ake a Pascal, amene anamuimira. Kapolo sankafunsidwa kwawo. Komanso Equiano anatchula zinthu zimene sakanazipeza mwa Benezet, monga mphini za pamphumi za amuna olemekezeka, zimene Aigbo amazitcha ichi, ndi mawu angapo a chinenerocho.

Palinso umboni wina umene ine ndimauona kuti ndi wamphamvu kuposa yonse. Mphekesera zoti Equiano si wa mu Africa sizinayambe ndi Carretta. Mu 1792 nyuzipepala ziwiri za ku London, Oracle ndi Star, zinalemba kuti anabadwira pachilumba cha Santa Cruz ku West Indies, pofuna kufooketsa gulu lothetsa malondawa. Equiano anapsa mtima, ndipo m'mabuku osindikizidwa kuyambira chaka chimenecho anaika kalata patsogolo yotchula mayina a anthu amene anamudziwa atangofika ku England, pamene sankatha chinenero china koma cha mu Africa. Mmodzi wa iwo anali Mayi Baynes, amene asanakwatiwe anali wa banja la Guerin lomwe lija. Mayiyu anali moyo. Munthu wabodza satchula mboni yamoyo imene ingathe kumuyalutsa mawa lake.

Mukufuna kudziwa pamene ine ndaima. Ndimaiona ngati milandu ya malo pabwalo la amfumu, pamene wina wabwera ndi chikalata, wina wabwera ndi nkhalamba zimene zinaona malire akudulidwa, ndipo mbali zonse zili ndi pogwira. Kaundula wa ubatizo sandivutitsa kwenikweni, pa zifukwa zimene Lovejoy anapereka. Wa Racehorse ndiye amandisowetsa tulo. Mu 1773 Equiano anali mfulu, bambo wamkulu wodziwa kuwerenga ndi kulemba, ndipo kawirikawiri kalaliki wa chombo ankalemba zimene munthu wanena yekha. Ena amati mwina ankaopa kuti kudzitcha wa mu Africa kukanamuika pangozi yogwidwanso, kapena ankafuna kuti zigwirizane ndi chikalata chake cha ubatizo. N'zotheka, koma m'mabuku a zombo za nthawiyo muli amalinyero ena amene analembedwa poyera kuti kwawo ndi ku Africa. Ngakhale zili choncho, ndikaika zonse pasikelo ndimapendekera pang'ono kwa Equiano, makamaka chifukwa cha mboni za 1792 zija. Ndikuganiza kuti anatengedwa ali wamng'ono kwambiri, mwina wa zaka 7 kapena 8, ndipo zimene anakumbukira za kwawo zinali zidutswazidutswa zimene anazilumikiza ndi zowerenga komanso zomva. Zimenezi zikufotokoza chifukwa chake mutu woyamba uli wosalongosoka ngati inayo. Koma ndikunena kuti ndimapendekera. Katswiri amene angakuuzeni kuti nkhaniyi anaitseka, mbali iliyonse, akukugulitsani mphaka m'thumba la mawu.

Tsono za kunyozetsa munthu wakuda. Funsoli ndi lomveka, chifukwa mbiri yake ilipo. Kuyambira kale azungu akhala akukayikira kuti munthu wakuda angalembe buku. Thomas Jefferson ananyoza ndakatulo za Phillis Wheatley, kapolo wakuda wa ku Boston, poyera, ndipo buku la mtsikanayu la 1773 linatuluka ndi chikalata chosainidwa ndi akuluakulu 18 a ku Boston, kuphatikizapo John Hancock, chotsimikiza kuti analembadi yekha. Munthu akamva kuti mzungu wina akukayikira Equiano, sangalephere kukumbukira zimenezi. Koma tayang'anani zimene Carretta anachita ndi zaka zake. Mu 1996 anasonkhanitsa zolemba za anthu akuda a nyengoyi m'buku limodzi, Unchained Voices. Mu 1998 anakonza makalata a Ignatius Sancho, mwini golosale wa ku Westminster amene ankalemberana ndi wolemba mabuku Laurence Sterne ndipo anaponya voti pa zisankho za 1774 ndi 1780. Mu 1999 anakonza buku la Ottobah Cugoano, Mfante wa kudera limene lero ndi Ghana, amene mu 1787 anafuna kuti ukapolo wonse uthe, pamene azungu ambiri a gululo ankangonena za malonda okha. Mu 2001 anatulutsa zolemba zonse za Wheatley. Mu 2010, pamodzi ndi Ty Reese, anasindikiza makalata a Philip Quaque, munthu woyamba wa mu Africa kudzozedwa unsembe mu mpingo wa Anglican mu 1765, amene anatumikira zaka pafupifupi 50 ku Cape Coast, ku Ghana wa lero, m'linga momwe pansi pake munkasungidwa akapolo. Mabuku otsika mtengo amene ophunzira padziko lonse amawerengeramo anthuwa lero, ambiri anadzera m'manja mwake.

Buku lake la 2011 la moyo wa Wheatley likuonetsa bwino mtima wake. Anthu ankamuona Wheatley ngati kamtsikana kofatsa kamene mabwana ake achifundo anakamasula. Carretta anaunika masiku. Mu 1772 woweruza Lord Mansfield anagamula pamlandu wa James Somerset kuti kapolo amene ali ku England sangakakamizidwe kubwerera kutsidya kwa nyanja. Wheatley anafika ku London mu 1773, anayenda ndi Granville Sharp, amene anathandiza Somerset pamlandu uja, ndipo atangobwerera ku Boston anamasulidwa. Carretta anati n'kutheka kwambiri kuti mtsikanayu ankadziwa mphamvu imene anali nayo, ndipo anavomera kubwerera atalonjezedwa ufulu. Njira ndi yomweyo imene anagwiritsa ntchito pa Equiano: kuika masiku pamzere n'kufunsa kuti munthuyu ankadziwa chiyani, ndipo akanapindula chiyani. Pa Wheatley yankho linatisangalatsa, pa Equiano linatiwawa. Sitingayamikire njirayo pamene yatikomera n'kuitukwana pamene yatilasa.

Ndipo Equiano amene amatuluka m'buku la Carretta si munthu wochepa. Ndi katswiri wa malonda ndi ndale. Sanagulitse umwini wa buku lake kwa osindikiza monga ankachitira olemba ambiri. Anausunga, n'kusonkhanitsa anthu olipiriratu oposa 300, kuphatikizapo mwana wa mfumu. Anayenda yekha m'mizinda ya England, Scotland ndi Ireland akugulitsa bukulo ndi kulankhula pamisonkhano. Linasindikizidwa kasanu n'kanayi iye ali moyo, ndipo linamasuliridwa m'Chidatchi, Chijeremani ndi Chirasha. John Wesley analiwerenga masiku ake omaliza mu 1791. Equiano anakwatira Susanna Cullen wa ku Soham mu 1792, ndipo atamwalira mu 1797 anasiya chuma chimene mwana wake Joanna analandirapo mapaundi 950, ndalama zambiri zedi nthawi imeneyo. Malonda a akapolo anathetsedwa ndi lamulo la Britain mu 1807, iye atagona kale zaka 10.

Chimene ndimamudandaulira Carretta n'chimodzi. Iye ndi munthu wa mapepala a Chingerezi, ndipo mapepala amenewo analembedwa ndi makalaliki a anthu omwe ankagula ndi kugulitsa anzawo. Nthawi zina amawapatsa ulemu woposa umene akuyenera, pamene za chikhalidwe cha Aigbo, zimene sanazifufuze mozama ngati anzake a mbiri ya Africa, amazipeputsa msanga. Kalaliki wotopa amene analemba Weston m'malo mwa Vassa akanathanso kulakwitsa zina.

M'kalasi mwanu, ine ndikanachita chonchi. Awerengereni mutu wachiwiri monga mwa masiku onse, chifukwa zimene ukufotokoza za m'chombo zikugwirizana ndi umboni wa Falconbridge, wa Newton ndi wa ena ambiri amene anaperekedwa ku Nyumba ya Malamulo. Palibe katswiri, ngakhale Carretta, amene amati zinthuzo sizinkachitika. Kenako lembani pabolodi mawu a makaundula awiri aja ndi yankho la Equiano la 1792, muwagawe anawo m'magulu, aweruze. Afunseni kuti ndani analankhula, ndani analemba, ndipo aliyense akanapindula chiyani. Ana a Fomu 3 amatha zimenezi bwino kuposa momwe timawaganizira.

Mukhozanso kuwayerekezera ndi nkhani ya kwathu kuno. Petro Kilekwa, Mbisa wa kufupi ndi nyanja ya Bangweulu, anagwidwa ali mwana, anatengedwa mpaka kugombe la kum'mawa, anapulumutsidwa panyanja ndi chombo chankhondo cha Britain, ndipo pambuyo pake anadzakhala wansembe wa Anglican ku Nyasaland. Nkhani ya moyo wake anailemba m'Chinyanja, ndipo inatuluka m'Chingerezi mu 1937 kudzera mwa amishoni a UMCA. Mafunso ake ndi omwewo: mwana wogwidwa ali wamng'ono amakumbukira zingati, ndipo amene anamasulira ndi kusindikiza ankafuna kuti owerenga amve chiyani?

Pomaliza, samalani ndi buku limene mukugwiritsa ntchito. Ambiri mwa makope aulere a pa intaneti anachokera ku zosindikiza zoyambirira, zimene zilibe kalata ya 1792 ija, ndipo la Edwards la 1967 ndi lofupikitsidwa. La Penguin lokonzedwa ndi Carretta, limene linakonzedwanso mu 2003, linatsata kusindikiza kwachisanu n'chinayi kwa 1794, komaliza kumene Equiano anakuona ndi maso ake, ndipo mayina a mboni zake zonse alimo.